Njovu ya Mwala ya a Vitalis Muhowa

Ku Chiradzulu kuno kuli njovu imodzi, ndipo ili m'munda mwathu. Amene akuti ndikunama akwere njinga, adutse pa mishoni ya Nguludi, atsate njira yolowera kuphiri la Malabvi, akafika pa mitengo itatu ya mango afunse mwana aliyense. Siidya chimanga, siithyola nthochi. Ndi ya mwala, ndipo anaisema ndi ababa anga, a Vitalis Muhowa, amene mbiri yawo ndikulemba pano. Anthu ambiri abwera kudzaiona, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene waganiza zotenga pensulo. Ndiye ndatenga ine, Bibiana, mwana wawo yekhayo amene watsala, amene sukulu ndinalekezera Sitandade 5.

Ababa anabadwira ku Milepa. Chaka chake sachidziwa. Amangoti anali akukwawa pa nkhondo yoyamba ya Azungu. Makolo awo anachokera kudziko la Apwitikizi, ulendo wapansi, miphika pamutu. Sukulu sanaione, koma katekisimu amamudziwa pamtima kuposa ine amene ndinamuwerenga m'buku. Ntchito anaphunzira kwa amalume awo, ndiyo yosema mphero. Mwala amausankha poumenya ndi nyundo n'kutchera khutu. Wolira ngati belu ndi wabwino. Wolira ngati mphika wong'aluka amausiya pomwepo.

M'chaka cha 1936 anafika m'mudzi mwathu atasenza mphero yamalonda. Amayi anga, a Albertina, akadali mtsikana, anaiyesa ndi mapira, nati ufa ukutuluka ndi mchenga. Ababa anabwera mawa lake kudzaikonza. Amayi anati tsopano yasalala kwambiri, siikugwira. Anabweranso. Ulendo wachinayi sanabwere ndi nyundo, anabwera ndi akulu awo, a Andrea, kuti akhale nkhoswe.

Kwathu kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Amamanga nyumba pamudzi pa mkaziyo, amalima munda wa mkaziyo, ndipo ana akabadwa ndi a kuchikazi. Woyang'anira mbumba yathu ndi amalume anga, a Rafaeli, achimwene awo a amayi: munthu wamtali, wolima fodya, wokonda kuti akalankhula anthu aseke. Tsiku loonetsa mkamwini polima, anatengera ababa kumtunda, kumene pakati pa munda panakhala chimwala chachikulu ngati nkhokwe ziwiri zogundana. Munda umenewo panalibe amene ankaufuna.

"Alamu," anatero amalume pamaso pa ankhoswe onse, "mundawu ndi wa mlongo wanga. Inu muzilima, iye azikolola. Koma musadzapite kwanu n'kumakanena kuti kuno sitinakupatseni kanthu. Mwalawo ndi wanu. Paja inu ndinu a miyala."

Anthu anaseka. A Andrea nawo anaseka, koma mawuwo anawasunga.

Ine ndinabadwa mu 1939. Ndili ndi zaka ziwiri ababa analowa usilikali wa Keyala, pa nkhondo yachiwiri ya Azungu. Anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Siloni, kenako ku Bama, kumene chitsulo cha bomba chinawalowa m'ntchafu. Za nkhondoyo sakamba. Mukawafunsa amangoti kunali mvula ndi misundu. Koma mukafuna kuwafunsa za Madrasi, mzinda wakale wa kumwera kwa Indiya kumene anakagona m'chipatala miyezi inayi, mukhale mutadya kale.

M'chipatalamo munali Mmwenye wina wotsuka mabala, dzina lake Susai. Tsiku lina anaona kolona pakhosi pa ababa, natulutsa yake m'thumba. Ababa anadabwa, chifukwa Amwenye amene ankawadziwa ndi a m'masitolo a ku Limbe, ndipo anali asanamvepo Mmwenye akupemphera Tikuoneni Maria. Ankamvana ndi Chizungu chothyokathyoka, chotsalacho ndi manja. Mwendo utayamba kuponda, Susai ankawatenga Lamulungu lililonse kukawaonetsa mzinda wake.

Malo amenewa ndimawadziwa ngati ndinafikako, chifukwa ndawamva kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Lamulungu lililonse tikabwera ku Misa, pansi pa mango. Amalume ankakhala chapatali atatifulatira, akupota fodya, n'kumaponya mawu.

Choyamba ndi phiri la Tomasi Woyera. Ababa amati kuno sitingalitche phiri, ndi chulu chabe chonenepa, koma lili ndi masitepe amwala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anawakwera ndi ndodo, akuwerenga, napeza 134. Susai anati ndi 135. Anatsika akuwerenganso, ndipo anafika pansi asanagwirizane. Pamwambapo pali katchalitchi koyera ndi mtanda wosemedwa pamwala, ndipo anthu a kumeneko amati mpamene Tomasi analasidwa ndi mkondo. Ababa anafunsa kuti Tomasi wake uti. Susai anatambasula chala, nachikhomeka pachikhatho. Ababa atazindikira kuti ndi mtumwi wokayika uja, anangokhala pansi.

"Ine ndinkayesa kuti anthu a m'katekisimu ankakhala kumitambo," amatero. "Osadziwa kuti ankatuluka thukuta pachitunda ngati ine ndemwe."

"Ndiye munamupeza ali bwanji Tomasiyo?" ankafunsa amalume. "Anakupatsani moni?"

Manda a Tomasiyo ali m'tchalitchi china chachikulu, choyera mbee, m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kuchokera pamenepo mchenga wayalana ulendo wa ola lathunthu, ndipo asodzi a kumeneko sasema bwato: amangomanga zipika zinayi ndi chingwe n'kulowa nazo m'mafunde aatali ngati denga. Kumapeto kwa mchengawo kuli linga lakale la Azungu, la makoma ochindikala, mizinga yadzimbiri itayang'ana kunyanja. Kulinso kachisi wa Amwenye a chipembedzo china, wa nsanja yodzaza tianthu, ting'ombe ndi timbalame, tosanjikizana mpaka kumwamba, osasiya ndi poika chala pomwe. Pafupi pake pali thamanda la ngodya zinayi, lotsikira ndi masitepe mbali zonse. Polowa umavula nsapato. Ababa, amene nsapato anaziyambira ku usilikali, anati imeneyo sinali nkhani. Pa kachisi wina anaona njovu yamoyo yopakidwa utoto pamphumi, imene inawaika chitamba pamutu ngati wansembe.

"Njovu kudalitsa munthu wa ku Milepa," ankatero amalume. "Inasowa chochita."

Koma chimene chinatembenuza moyo wa ababa chili kunja kwa mzindawo, ulendo wa theka la tsiku pa lole, kulowera kumwera. Dzina lake ndi Mahabalipuramu, ndipo ndalilemba molondola, chifukwa anandilembera papepala ndi munthu wa komweko. Ababa amangoti Kumiyala. Kumeneko kuli miyala ngati yathu yomweyi, yongokhala pamchenga. Wina ndi wobulungira, wakhala pamalo otsetsereka ngati ugubuduka lero lomwe, koma asilikali khumi ndi awiri anaukankha osasuntha. Pali khoma la thanthwe lodzaza zithunzi za anthu ndi nyama, ndipo chakumunsi kwake kuli njovu zazikulu, tiana tili kunsi kwa mimba. Pali tinyumba tisanu topemphereramo, koma si tomanga ayi: kalikonse ndi mwala umodzi wosemedwa, denga, mizati ndi khomo lomwe. Pambali pa tinyumbato paima njovu yamwala payokha, msinkhu wa njovu yeniyeni.

Ababa anaona kuti tinyumba tina n'tosatha. Kumwamba n'kosalala, kunsi kukadali mwala wokhakhala. Susai anawafotokozera ndi manja kuti amisiri akalewo ankayambira pamwamba kutsika pansi, chifukwa ukayambira pansi zidutswa za kumwamba zimagwera pa zimene watsiriza kale, ndipo mwala ukathyoka sumatidwa. Ababa anagwada, nayendetsa chikhatho pamalo osathawo. Anamva timizere ta tchizulo, totalikirana chimodzimodzi ndi timene iwo amasiya pamphero.

"Munthu ameneyo anafa zaka chikwi zapitazo," amatero, "koma ndinadziwa pamene anatopa, ndinadziwa pamene tchizulo yake inabuntha. Dzanja lake linali langa lomweli. Pomwepo ndinakumbukira kuti ine kwathu ndili ndi mwala."

Anabwera mu 1946. Anzawo anabwera ndi njinga ndi makina osokera. Iwo anabwera ndi jasi la usilikali, mwendo wotsimphina, ndi tchizulo imodzi yobuntha imene anasinthanitsa ndi ndudu kwa mmisiri wokalamba wa Kumiyala. Patapita sabata anamanga makwerero, nakwera pamwamba pa chimwala chija, n'kuyamba kugogoda.

Mudzi wonse unabwera kudzaona. Nyumba imayambira pansi, nkhokwe imayambira pansi, ngakhale chiswe chimayambira pansi.

"Alamu, bomba lija linakulasani m'ntchafu mokha?" anafunsa amalume.

"Mwalawu ndi wanga, alamu."

"Ndi wanudi. Ndimangofuna kudziwa ngati mukufuna kukatulukira kunsi."

Amayi sanaseke, komanso sanawanyengerere. Anaika lamulo: khasu m'mawa, mphero zamalonda masana, njovu dzuwa likapendeka. Ababa analitsata lamulolo zaka zonse. Matchizulo ankasula okha ndi masipuling'i a malole akufa, ndipo mwala wathu ndi wouma moti tchizulo imabuntha munthu asanatsirize kolona imodzi. Chaka choyamba chinatha anthu akungoona chimwala chometedwa. Amayi ankayanika nandolo pamwamba pake kuyambira kale, ndipo ataona kuti msana wayamba kubulungira anadandaula kuti poyanika pawo pakutha. Ababa anawasiyira malo athyathyathya pamsana, okwana malichero awiri. Mpaka lero alipo. Mukamva wina akunena kuti mpokhala mfumu ya Amwenye, dziwani kuti ndi pa nandolo.

Chaka cha njala, 1949, nyundo inakhala chete. Mphero sizinkagulidwa, popeza panalibe chopera. Ababa ankapita kutsidya kwa malire kukasuma chinangwa, ndipo mlongo wanga wamng'ono, Francisko, anamwalira chaka chimenecho. Mvula itabwerera, anakweranso makwerero.

Mutu utaoneka, panabuka nkhani ya makutu. Akuluakulu amene anazionapo njovu kudziko la Apwitikizi anati njovu ili ndi makutu ngati chitseko, pamene iyi ili ndi timakutu ngati tsamba la mbatata. Ababa anati njovu za ku Indiya zili choncho. Amalume anaitcha Nkhumba ya ku Madrasi, ndipo dzinalo linakhala zaka zitatu. Aphunzitsi a katekisimu nawo anabwera kudzafunsa ngati si fano. Ababa anawauza kuti tsiku limene adzaone munthu akuigwadira adzanene, adzaiphwanyire limodzi. Apo n'kuti pamsana pake pali nandolo, pamutu pali nkhuku, ndiye aphunzitsi anabwerera.

Amayi anadwala chifuwa kumayambiriro kwa 1954. Ndinasiya sukulu kuti ndiwadwazike, ndipo mwezi wa Ogasiti tinawaika m'manda. Nthawi imeneyo njovu inali itatha mutu, chitamba, msana ndi nthiti. Miyendo inali ikadali m'mwala, ngati nyama yotitimira m'dambo.

Mwambo wake mukuudziwa. Mkazi akamwalira, anthu akameta, akuchikazi amasudzula mkamwini: amamuthokoza, amamupatsa khasu lake ndi mphasa yake, abwerere kwawo akayambe moyo wina. Ena amaloledwa kukhala, koma kuno malo ndi ochepa, maesiteti a Azungu atipanikiza mbali zonse. Amalume anali ndi chifukwa, sindiwanamizira. Dorothy, mwana wa amayi aang'ono a Nester, anali pafupi kukwatiwa, ndipo analibe polima. Ine aliyense ankadziwa kuti mtima wanga uli ku Limbe, osati pakhasu. Amalume anafuna kuti ababa apite ku Milepa, mwalawo ausonkhere moto, authire madzi, usweke, pamalopo padutse mizere.

Tinakhala pansi pa mango. A Andrea anabwera kuchokera ku Milepa pa njinga yobwereka. Amalume analankhula bwino, anathokoza, anatchula zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zimene ababa anakhala pamudzi osamenya mkazi, osaledzera. Ababa anangozyolika. Kenako a Andrea anatsokomola.

"Zonse tamva, ndipo sitikukana. Mng'ono wangayu atenga zake azipita. Koma tizitchule bwino zakezo. Khasu, mphasa, jasi. Nanga mwala?"

"Mwala uti?"

"Umene munampatsa ine ndili pomwepo, inu mutavala malaya a kaki opanda kolala. Munati asadzanene kuti simunampatse kanthu."

"Zijatu zinali nthabwala!"

"Pa unkhoswe palibe nthabwala, alamu. Mawu onenedwa pamaso pa ankhoswe ndi mawu."

Akuluakulu anagwedeza mitu, chifukwa ambiri analipo tsiku lija ndipo anaseka nawo. Amalume analuma mlomo.

"Chabwino. Ndi wake. Ausenze."

Apa amene analankhula ndi amayi aang'ono a Nester, omwewo amene mundawo unkafunidwira mwana wawo. "Achimwene, ngakhale waganyu sitimuchotsa mzere uli pakati. Malemu ankati akufuna adzaione itaima. Msiyeni munthu atsirize, ndiye apite."

Anagwirizana motero: mwala usaswedwe, ababa akhale mpaka njovu itatha, ikatha apite. Amalume anawonjezera chimodzi, akuloza diso lawo. "Koma woweruza kuti yatha ndine. Ndi maso angawa. Musadzandiuze kuti mukusalaza mchira zaka khumi."

Ine ndinachoka pamenepo ndikumwetulira, chifukwa ndinaona potulukira. Anthu atabalalika ndinati, "Ababa, bwanji muzigogoda kamodzi pa sabata? Kumiyala kuja munati zina zakhala zosatha zaka chikwi."

"Aja inawaletsa ndi imfa kapena nkhondo, sanachite dala. Ine ndalonjeza pamaso pa anthu."

Ndipo m'malo mochedwa anafulumira, popeza panalibenso wowaitana kuti madzi osamba azizira. Tsiku lina ndinabisa matchizulo onse m'nkhokwe, pansi pa chimanga. Anandiyang'ana, nakoleza makala kusula ena. Ndinawauzanso kuti za ku Limbe ndazileka, ndikwatiwa ndi aliyense amene abwere, mundawo ukhale wanga, iwo azikhala kuseri kwa nyumba yanga. Apo ndiye anakwiya.

"Ine kwa amayi ako ndinabwera ndi mphero, koma mpheroyo inali ponamizira chabe. Iwe usakwatiwe chifukwa cha mwala."

Mwendo woyamba unatuluka mvula isanagwe, wachiwiri pa Pasaka. Ndipo miyendo itayamba kuoneka, kuwala kukudutsa kunsi kwa mimba, chinthucho chinasiya kukhala mwala. Anthu anayamba kubwera. Oyamba anali odikirira odwala ku chipatala cha Nguludi, amene masana amasowa chochita. Anatsatira ana asukulu ndi aphunzitsi awo, asisitere awiri, anyamata a njinga ochokera ku Mbulumbuzi. Aliyense ankafuna kumva za Madrasi, ndipo ababa ankayankha nyundo ili m'manja, osaima. Lamulungu lina kunabwera kalaliki wa Chimwenye wogwira ntchito ku njanji ku Limbe, wobadwira kufupi ndi Madrasi komweko. Ndiye anandilembera dzina lija. Anaizungulira njovuyo, naisisita chitamba. Amalume anamufunsa za makutu. Iye anati makutuwo ali bwino, ndi a kwawo enieni. Ababa anamufunsa za masitepe a phiri la Tomasi. Iye anaseka, nati anakwerapo kambirimbiri koma sanawerengepo.

Mwezi wa Juni amalume anapita ku Namadzi kukagula nsomba zouma. Pamsika, atatchula kumene achokera, munthu wina wosamudziwa anawagwira dzanja ndi manja awiri: "Ndinu a Rafaeli a kunjovu?" Anthu anawazungulira. Nkhaniyi anatiuza okha, katatu, ngati akudandaula. Kuyambira pamenepo dzina la nkhumba lija silinamvekenso. Alendo akafika, amalume ankapezeka ali pomwepo atavala jekete, n'kumawatsogolera: apa ndi chitamba, apa ndi zikhadabo. Ndinawamva ndi makutu angawa akufotokoza za linga, za asodzi a zipika, za njovu yodalitsa, osaphonya kanthu, kupatula masitepe, amene kwa iwo anafika mazana atatu. Zaka zonse zija anatifulatira ndi msana wokha, makutu anali kwa ife.

Koma mawu anali atanenedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo amene anaumirira anali iwo omwe. Munthu ngati amalume angalole kumeza khasu kusiyana n'kubweza mawu ake pagulu. Dorothy anakwatiwa, mwamuna wake akudikira munda. Ine ndinkangoyang'ana miyendo ikutuluka.

Loweruka pa 17 Sepitembala 1955, ababa anasalaza chikhadabo chotsiriza cha mwendo wakumbuyo. Anatsuka njovu yonse ndi madzi, anasesa zidutswa, nakulunga mphasa, jasi ndi khasu m'mtolo umodzi. Mawu anali atawatumiza kale ku Milepa kuti a Andrea abwere kudzawatenga. Lamulungu, titabwera ku Misa, anthu anadzaza m'munda, mtolo uli patsinde pa mango.

"Alamu, yatha. Dzaoneni."

Amalume anaizungulira kamodzi. Anasuzumira kunsi kwa mimba. Anaizungulira kachiwiri, manja kumbuyo, ngati wogula ng'ombe. Anagogoda mwendo ndi ndodo. Kachitatu anaima kutsogolo kwake.

"Sinathe."

Nkhope ya ababa inachita mdima. "Chatsala n'chiyani? Lozani."

"Ana ali kuti?"

"Ana ati?"

"Inu nomwe munkatiuza pansi pa mango apa kuti Kumiyala njovu ili ndi ana kunsi kwa mimba. Zaka zisanu ndi zinayi mwatigonthetsa nazo m'kutu. Lero mukufuna kutisiyira njovu yosabereka, anthu azikatiseka ku Namadzi?"

"Ayi, alamu, mwasokoneza. Ya ana ija ndi ya pakhoma. Yoima payokha ilibe mwana. Ine ndasema yoima pa..."

"Alamu," anatero amayi aang'ono a Nester, "tatsekani pakamwa."

A Andrea chinawagwira chifuwa chadzidzidzi. Ababa anayang'ana akulu awo, anayang'ana amalume, ndipo ndinaona nkhaniyo ikuwalowa pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba kutsika pansi.

"Za khoma ine sindikuzidziwa," anatero amalume, akuloza ndi ndodo miyala itatu imene ili kumtunda kwa munda. "Woweruza ndine, munavomera nokha. Ana atatu. Ndipo zothamanga sindikuzifuna. Mwendo wakumbuyowu munaupupuluma, ukuoneka."

"Mwendo umenewo ulibe vuto!"

"Ndati ukuoneka."

Mundawo anaugawa tsiku lomwelo. Kumunsi, kwa nthaka yabwino, kunapita kwa Dorothy ndi mwamuna wake. Ife tinatsala ndi kumtunda, kwa miyala, kumene chimanga chimabereka ngati chala. Ababa sanadandaule. Anatenga mtolo wawo patsinde paja nalowa nawo m'nyumba, ndipo a Andrea anabwerera ku Milepa okha, keliyala ya njinga ili yopanda kanthu.

Pamene ndikulemba pano papita miyezi khumi ndi umodzi, ndipo mwana woyamba wangotuluka mutu wokha. Ababa akuti mwana mmodzi ndi zaka zitatu, akapanda kudwala, ndipo akunenetsa kuti sakuchedwetsa dala. Kumutu kwayamba imvi, mwendo umawavuta nyengo yozizira, koma nyundo imamveka mpaka kumsewu. Amalume amabwera tsiku lililonse kudzayendera ntchito. Panopa akukangana za makutu a mwanayo. Amalume akuti popeza wabadwira kuno, akhale ndi makutu akuno, aakulu. Ababa akuti mwana satengera dziko, amatengera mayi wake. Amalume akuti chimenecho ndiye chimene iwo akhala akunena kuyambira 1936.

Ndimamva kuti kuli anthu amene amakhala m'sitima masabata atatu kuti akaone miyala ya ku Indiya, pamene yathu ili pafupi ndi Limbe, ulendo wa njinga. Ndikupempha akonzi a nyuzipepala atumize munthu wa kamera, ndipo dzina alembe lathunthu, Vitalis Muhowa, chifukwa ambiri akuchoka pano akuyesa kuti anasema ndi a Rafaeli. Ine ku Limbe ndidzapita ndithu, ababa avomera, ndipo ndikadzaima pa masitolo ndidzauza aliyense njira. Mukabwera, nsapato simuvula. Koma ana anu muwaletse kukwera pamsana, mwezi uno ndayanikapo nandolo.